Kachitini ka Azakhali

"Mukukapha ndinu, azakhali! Lero ndakugwirani."

Mhina anaima pakhomo la chipinda chake. M'mawa umenewo sanapite kukapakira malalanje m'malole. Anangotsanzika mokweza, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, n'kudikira. Ndipo zimene ankaopa zija zinali pamaso pake: azakhali ake, a Mwajabu, atawerama pa kakhola ka birimankhwe, nkhope atayang'anitsa kumbali, kachitini kawo ka fodya wa mphuno kali m'manja.

Kabirimankhweko kanabwera masiku khumi m'mbuyomo, katakakamira pa mtolo wa nkhuni zochokera ku mapiri a Amani. Kanali kotalika ngati chala chaching'ono, tinyanga tiwiri titangoyamba kutumphuka pamphuno. Ana a pamsika wa Muheza anali atakazinga kale, wina atathamanga kukapempha fodya. Mhina anawabalalitsa ndi makofi. Ankadziwa bwino zimene fodya amachita. Ali mwana, naye anathirapo birimankhwe fodya m'kamwa, n'kumuonerera akuda bii, akudzipotokola mpaka kuuma. Anzake anaseka tsiku lija. Iye sanadye.

Atafika nako kunyumba, a Mwajabu anagwetsa mbale.

"Chimenecho m'nyumba mwanga? Chikakuluma bala lake silipola. Uchichotse, apo ayi ndichichotsa ndekha."

Kanalakwa chiyani, kanthu kosatha n'kuthawa komwe? Mphaka wa azakhali amaba nsomba tsiku ndi tsiku koma amagona pa mkeka wa alendo. Mhina anawayankha choncho, ndipo kuyambira pamenepo ankangopatsana moni wa pakamwa.

Anakasamala ngati khanda. Khola anapanga ndi waya wa sefa yakale, n'kuikamo nthambi za mtengo wa malalanje. Anawerenga pa foni kuti birimankhwe samwa m'mbale, choncho ankawaza madzi pamasamba, kenako n'kudikira kuti kanyambite dontho. Madzulo aliwonse, asanapopere mankhwala a udzudzu m'chipindamo, ankayamba watulutsa kakholako panja, osakabweza mpaka fungo litatheratu. Udzudzu wa ku Muheza unali utamugoneka kale kawiri m'chipatala, koma kanyama kake sakanalola kuti kapumeko utsi umenewo ngakhale pang'ono. Chakudya ndiye sichinkavuta. M'mawa uliwonse pansi pa zenera pankapezeka ntchentche zili chagada, miyendo ikupalasa m'mwamba. Ankangotola, n'kukaikira pa tsamba.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kanayamba kutsinzina masana. Maso aja, amene ankazungulira lililonse kwake, analowa m'kati. Lilime linkaphonya ntchentche ili pafupi. Kawiri konse anakapeza katagwa pa nthambi, kali pansi pa khola, kakuda ngati khala. Mhina ankakaika pachikhatho n'kuyang'anitsitsa tinthiti, kuti aone ngati tikukwerabe ndi kutsika. Kuntchito ankasokoneza matumba. Lole ikaliza hutala, ankacheuka ngati wina wabwera kudzamuuza za maliro.

Kenako zizindikiro zinayamba kuoneka. Chitseko chimene wasiya chotseka ankachipeza chili pang'ono potseguka. Ntchentche zimene wasiya m'khola anazipeza zitatayidwa pa phulusa kuseri kwa khitchini. Ndipo dzulo lake, pa thabwa pomwe pankakhala kakholako, panali timadontho ta ufa wofiirira. Ananunkhiza. Anayetsemula. M'nyumba monsemo wofwenkha fodya anali mmodzi.

Ndiye lero anali atawapeza, dzanja lili pa chitseko cha khola, atachitsegula kale.

"Munanena kuti mudzakachotsa nokha," anatero Mhina, akulowa. "Bwanji osangokaponda kamodzi? Pang'onopang'ono chonchi, ngati mfiti?"

"Samala pakamwa, iwe mwana wa achimwene anga. Ndinakusintha matewera ine."

"Tsegulani dzanjalo."

A Mwajabu sanasunthe. Thukuta linali litanyowetsa mpango wa kumutu, ndipo mkono wawo unali wotambasuka mpaka pomaliza, ngati munthu wogwira njoka kumchira. M'kholamo kabirimankhwe kanali lende pa nthambi ndi miyendo iwiri yokha, kukamwa kuli kotseguka pang'ono. Mhina anaona kukamwako. Anaona kachitini. Anakumbukira birimankhwe wa paubwana uja akudzipotokola m'fumbi. Mwina anali atachedwa kale.

Anawagwira pamkono. Sanafune kuwapweteka, koma anagwira mwamphamvu. Kachitini kanapulumuka, n'kumenya pa thabwa, chivundikiro n'kugubudukira kunsi kwa bedi.

Simunatuluke fodya. Munatuluka tiziwala tobiriwira, tamoyo, tonyowa ndi mame, tikudumpha mbali zonse. Kamodzi kanatera pa waya wa khola lotsegukalo. Diso limodzi la kabirimankhwe linatembenuka, lilime linaponyedwa, ndipo ulendo uno silinaphonye.

A Mwajabu anasisita mkono wawo, akupumira m'mwamba.

"Masiku atatu ndikukwawa m'udzu ngati wamisala, kugwirira ziwala chinthu chimene sinditha n'kuchiyang'ana komwe, kuti chisafere m'nyumba mwanga." Analoza pa zenera, pomwe panali chitini chachitali cha mankhwala a udzudzu, ndi pansi pake pomwe ntchentche za lero zinkapalasabe miyendo. "Iwe wanzeru za pa foni, ntchentche yabwinobwino unayamba waitolapo ndi zala? Zimene umakadyetsazi chimazigwetsa n'chiyani? Usayang'ane pansi, Mhina. Ndiyankhe."