Sofa ya Oduro

Kwarteng anali akupukuta fumbi pa masipika ake awiri pamene Maame Konadu analowa m'holo ya chionetsero cha zamalonda. Ogulitsa zida za ma DJ onse anadzambatuka, wina kukonza kolala, wina kubisa mbale pansi pa tebulo. Kuno ku Kumasi maliro aakulu a Loweruka amaimbidwa ndi anyamata a mayi amenewa, ndipo mbiri inali itawanda kuti akufuna kusintha masipika awo onse.

Kwa Kwarteng sinali nkhani yamasewera. Shopu ndi ya mlongo wake Frimpomaa, yemwe m'mawa womwewo anamuuza mosapita m'mbali: "Ukabwerako chimanjamanja, zida zakozo ndikuzitulutsa, tibwerere ku mafiriji. Firiji sisokosa."

Mafiriji Kwarteng amadana nawo kuchokera pansi pa mtima.

Maame anafika pamalo pa Kwarteng, n'kuwaponyera diso masipikawo ngati nsomba yadzulo, n'kudutsa. Moni anayankha ndi chibwano. Anayenda holo yonse mpaka kumapeto kwenikweni, pafupi ndi khomo lakumbuyo, komwe kunali malo a Oduro, wogulitsa mnzake wopikisana naye.

Tisanamizane, Oduro amadziwa kuyala malonda. Pansi anayala kapeti yofiira. Magetsi ankaphethira, fani ikuzungulira, mahedifoni atapachikidwa pamzere kuti aliyense ayese yekha. Panali sofa yachikopa ndi sobolo, chakumwa chofiira chozizira, m'matambula. Nanga Kwarteng? Tebulo lobwereka ku tchalitchi, mikisa, maikolofoni ndi mawaya opiringizana. Iye ankati malo abwino ndi omveka, osati ooneka, koma mawu amenewa amanena ndi anthu amene alibe kapeti.

Maame anakhala pa sofa paja, navula nsapato, nalandira tambula. Oduro anagwada n'kumawaonetsa chida ichi ndi icho. Nthawi ina anatembenuka, n'kumukwezera Kwarteng dzanja chapatali ngati akutsanzika wokwera basi.

Kwarteng anaika nyimbo za hailaifi, zakale zija zogwedeza m'chiuno. Anthu anadzaza. Alonda a pageti anavina, mayi wogulitsa kelewele, nthochi zokazinga zija, anatula thileyi navinanso. Koma ovina sagula, amangokusiyira fumbi.

Foni inalira. Anali Frimpomaa.

"Zikuyenda bwanji kumeneko?"

"Anthu ndiye adzaza, achemwali."

"Anthu kapena ogula?"

"Halo? Halo? Netiweki yavuta," anatero Kwarteng, n'kudula.

Dzuwa linapendeka Maame ali pomwepo, maso atatseka, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono. Munthu wokhutira amaoneka ndithu. Zinamuwawa Kwarteng, ndipo mtima ukawawa pakamwa pamayabwa. Anatsitsa nyimbo pang'ono, natenga maikolofoni kuti aseketse ovina ake. M'holomo munali chiphokoso cha masipika a aliyense, choncho sanakayike kuti mawu ake afera panjira. Komabe analankhula chapansipansi, monga amachitira amiseche.

"Abale anga, ena abwera kudzagula, ena abwera kudzagona. Kumapeto uko kuli agogo ena avula nsapato pa sofa ya eni. Sobolo ndiye tambula yachitatu. Akadzuka agula sofayo, osati sipika."

Anthu anafa nalo phwete. Kuseka kwa anthu n'koledzeretsa, ndiye Kwarteng anawonjeza.

"Musawadabwe. Maliro aimba ambiri, makutu awo anaikidwa m'manda kalekale."

Kumapeto kuja Maame anatsegula maso. Anaika tambula pansi, navala nsapato, nakonza nsalu paphewa, n'kuyamba kubwera molunjika. Oduro ankatsatira pambuyo mano onse ali pamtunda. Ovina anabalalika. Mayi wa kelewele anasenza thileyi yake n'kuzimiririka, alonda nakumbukira mwadzidzidzi kuti pageti palibe munthu.

Kwarteng anaika maikolofoni pa tebulo. Anayamba kudzinyenga kuti mwina wina wawatumizira uthenga pa foni, mwina akungopita kunja. Koma Maame anaima pamaso pake penipeni.

"Iwe, dzina lako ndani?"

"Kwarteng, Maame."

"Kwarteng. Akuti tambula yachitatu? Inali yachiwiri. Ndipo makutu anga anawaika kumanda ati, ndikawaone?"

Kwarteng anawerama, naika dzanja lamanja m'chikhatho cha lamanzere. "Maame, ndapota nanu, ndi pakamwa chabe. Ndine mwana wanu."

"Mwana wanga sangakhale ndi mwano wotere. Chipongwechi ukapepesa kwathu ndi nkhosa, ndipo ikhale yonenepa."

"Ndamva, Maame."

Basi, zatha, anaganiza Kwarteng. Nkhosa yapita, shopu yapita, ndipo Lolemba akhala akufotokozera anthu kusiyana kwa firiji ya zitseko ziwiri ndi ya chitseko chimodzi. Oduro anatsokomola mwaulemu, n'kufunsa ngati Maame angabwerere kuti akamalize zokambirana zawo.

"Zokambirana ziti?" anafunsa Maame. "Kwako ndinatsata mpando, mwana wanga, chifukwa ndiwo unali kutali kwambiri ndi masipika awa. Pamaliro dzina la wopereka chipepeso likapanda kumveka ku tenti yomaliza, banja limenelo silindiitananso." Anatembenukira kwa Kwarteng. "Iwe umanong'ona, koma mwano wako wandipeza kumapeto kuja liwu ndi liwu. Masipika amenewa, onse amene muli nawo ku shopu, abwere limodzi ndi nkhosayo."