Panado wa Lolemba

Sheila anakhala pa kampando kofiira ka ana, mawondo atatsala pang'ono kugunda chibwano, akudikira kuti Mayi Callista amalize kutsuka mabotolo a mkaka. M'galaja yomwe anaisandutsa kreshi yosungirako ana munali zii. Masiku onse nthawi ngati ino munkakhala phokoso loti munthu sungamve foni ikulira, koma lero timatiresi tinali titangounjikidwa pakona. Katsabola anali atalowa.

Pa makreshi onse a ku Cosmo City ku Joni, Amalawi ndi anzawo a ku Zambia ankalimbirana ya Mayi Callista. Ana ankadya mokhuta, masana ankagona, ndipo ankapemphera m'Chichewa. Koma mayiwo anali ndi lamulo limodzi lomwe sankaseka nalo: mwana wotentha thupi salowa pageti, ndipo kholo lobisa matenda limatenga mwana wake osabweranso. M'mawa uliwonse ankaima pageti ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, n'kumaloza mwana aliyense pamphumi ngati wapolisi wapamsewu.

Kachipangizo kameneko Sheila anakapusitsa. Lolemba lina Tony, mwana wake wa zaka zitatu, anadzuka thupi lili moto. Apa n'kuti Sheila atangoyamba kumene ntchito yolandira alendo pa ofesi ina m'tauni, ndipo bwana anali atanena kale kuti watsopano akajomba asavutikenso n'kubwera. Kumudzi mwana ukanangomusiya kwa mnansi, koma ku Joni mnansi wako nayenso amakhala ali pamzere wa takisi kusanache. Sheila anamumwetsa mwanayo Panado, anadikira kuti thupi lizizire, kenako anamupukuta kumaso ndi kansalu konyowa. Pageti kachipangizo sikanaone vuto. Mayi Callista anamwetulira, iye n'kuliyatsa liwiro la kutakisi.

Mawa lake Tony anatuluka timatuza thupi lonse. Sabata isanathe, ana ena anayamba kudwala motsatizana. Kunda, khanda la Matildah wa ku Chipata, linafika pogonekedwa m'chipatala zilonda zitachita mafinya. Pa gulu la WhatsApp la makolo panayaka moto, aliyense akufunsa kuti kholo lopanda mtima lomwe labweretsa matendawa ndani. Sheila nayenso analembapo kuti Ambuye akhudze ana athu, osaiwala kachithunzi ka manja opemphera. Atatumiza anadziona kuti ndi munthu wonyansa. Chakudya chinasiya kulowa. Tsiku lomwe Matildah anaika chithunzi cha Kunda ali ndi dripi pakadzanja, Sheila anakadzitsekera m'chimbudzi cha kuntchito n'kulira mpaka maso kutupa.

"Mwati muli ndi mawu, amake Tony?" anafunsa Mayi Callista akupukuta m'manja.

Sheila anagwada pa kapeti ya zilembo ija. Mawu omwe anakonza m'takisi onse anabalalika.

"Mayi, ndine. Tsiku lija Tony anali akutentha kale. Ndinamumwetsa Panado kuti adutse pageti. Eish, ndinaopa ntchito, mayi. Mundikhululukire."

Mayi Callista anapitiriza kupukuta manja omwe anali atauma kale, maso ali kukhoma. Sheila anaganiza kuti mayiwo wawanyansa moti sangathenso kumuyang'ana, ndipo sanawaone kulakwa.

"Lamulo mukulidziwa," anatero mayiwo potsiriza, mawu ali pansi. "Ndikakumverani chisoni inu, mawa wina achita zomwezo. Makolo ndiwauza kuti munthu wake wapezeka ndipo wachoka. Dzina sinditchula."

Dzina linalibe ntchito. Mwana yemwe sadzaoneka Lolemba aliyense adzamudziwa, ndipo Lamulungu onse amakumana kutchalitchi chimodzi. Komabe Sheila anathokoza, mpaka kuwomba m'manja. Anayang'ana Mayi Callista akulongedza m'jumbo kapu ya Tony, kabulangeti kake ndi kabudula wosinthira. Malo ena osiyako mwana analibe, ndipo popanda kreshi ntchito ija inali itatha basi. Zinamuwawa, koma mumtima anavomera kuti chilangocho n'chake. Mwana wa mwini ali pa dripi chifukwa cha iye, ndiye angadandaule chiyani?

Anatuluka jumbo ili m'manja, misozi ikulengeza. Akutsegula geti anakumana ndi Bambo Overtone, amuna awo a Mayi Callista, akuchokera kuntchito. Anali bambo ofatsa, osakonda zolankhula, ndipo makolo ambiri ankangowadziwira patali. Ataona nkhope ya Sheila anaima, anavula chipewa, n'kuchigwira ndi manja awiri. Pamphumi ponse ndi m'khosi munali timadontho takuda ta zilonda zopola kale.

"Amake Tony, mwana ali bwanji? Mutikhululukire, mayi, ndaona kuti akuuzani," anatero. "Nthendayi ndinabwera nayo ndine mwezi watha, ndinagona nayo m'chipinda umu ana akusewera pakhomo. Ndinawapempha akazi anga kuti titseke kaye kreshi, koma anakana, ati makolo angathawe."