Mtima Wotuluka ndi Nthunzi

"Wajambula ichi ndani?" anafunsa mtsikanayo, yemwe anzake m'kalasi ya fizikisi ankamutcha Pulofesa.

Ketulo inkawira pansi pa galasi m'chipinda cha chibwenzi chake ku hositelo, ndipo nthunzi itaphimba galasilo, panatulukira chithunzi cha mtima.

"Mwina nthunzi yangochita yokha," anayankha mnyamatayo, makapu ali m'manja.

"Usandipusitse iwe, sayansiyi tikuphunzira limodzi! Chala chimasiya mafuta pagalasi, ndipo pamene pali mafuta nthunzi sigwira mofanana ndi penapo. Apa panadutsa chala."

"Ndiye ndi changa."

"Chako chonga mpini wa khasucho?" Anatola rula patebulo n'kuyeza. "Mzerewu ndi wowonda. Komanso iwe ndi kutalika kwakoko ukanajambula m'mwambamu. Uyu ndi mkazi, wamfupi, wamanzere. Taona kumene mtimawu wapendekera!"

Mtima wa mtsikanayo unkawira kuposa ketuloyo. M'mutu anali atayamba kale kundandalika atsikana onse afupiafupi a mu labu.

"Kanaima apa kamkazi kakoko, n'kutambasula dzanja chonchi..."

Chala chake chakumanzere chinagwera ndendende mumzeremo, n'kuyenda chokha mpaka kunsonga. Apo m'pamene anakumbukira tsiku loyamba la temu, iye ataima pomwepo, ketulo yomweyi ikuwira.

Mnyamatayo anayamba kumwetulira.

"Ukuseka chiyani?" anakalipa Pulofesa, akuponya rula patebulo. "Miyezi itatu yathunthu galasi osapukuta? Uve basi!"