Pempho Lodikira Mwini Wake

"Pempho lanu linapita kalekale, mayi," anatero katswiri wa makompyuta, akuloza pasikirini. "Mukangolemba kuti mukufuna kulowa m'sisitemu, webuhuku, yomwe ndi njira yolumikizira mapulogalamu, imalinyamula yokha n'kukalitula ku pulogalamu yogawa ntchito. Iyoyo imalitumiza kwa wovomereza."

Manijala watsopanoyo anausa moyo. Chiyambireni ntchito ankangotenthetsa mpando, bwana wamkulu akuimbaimba foni kufuna malipoti.

"Ndilowetseni inuyo basi."

"Mphamvu zimenezo ndilibe, mayi."

"Nanga wovomerezayo akudikira chiyani? Muimbireni!"

Katswiriyo anadina apa n'kudina apo, kenako anadzikanda m'mutu.

"Wovomereza ndi manijala wa dipatimenti ino."

"Manijalayo si ine nanga?"

"Eya, mayi. Ndiye ingolowani m'sisitemu muvomereze."