Ubweya wa M'makutu

"Mugwireni miyendo," anatero Pulofesa Geddes, mpeni uli m'manja.

Ophunzira awo anangoyang'anizana. Msodzi amene anali patebulopo anali m'tulo tofa nato, atamununkhitsa mankhwala ogonetsa amene anali atangofika kumene.

"Saphiriphitha ameneyu, bambo," anatero Elspeth, namwino amene anakalambira pambali pawo. "Zomanga anthu ndi malamba zija zinatha."

A Geddes anadula mwendo woolawo ndi liwiro lawo lija limene mzinda wonse wa Edinburgh unkalitama. M'chipindamo munali zii. Zaka zonsezi ankacheka anthu ali maso, iwo atatseka makutu ndi ubweya wa nkhosa, ndipo ankadzitama kuti sanamvepo kulira kwa wodwala.

Ali mkati mosoka bala, dzanja lawo linaima.

"Elspeth, mayi akukuwayo mutulutseni."

"Mayi uti, bambo? Muno mulibe akulira."

"Ndi kamwanako komwe. Ndipatseni ubweya wanga."

Elspeth anakaupeza m'thumba la jekete lawo lakale. A Geddes anatseka makutu onse awiri, n'kukanikiza ndi chala.

Apo m'pamene anawamva bwinobwino odwala onse aja amene anawacheka ali maso, aliyense ndi mawu ake.