Chisa cha Nantchengwa

Padangokhalatu, anzanga.

Tili tonse!

Nantchengwa anaseka chisa cha Njiwa cha timitengo towerengeka. "Achemwali, mphepo ikangowomba, inu mugona pansi!"

Njiwa anapsa mtima. "Chabwino, tipikisane. Pofika mvula yoyamba, tione amene adzakhale ataulutsa ana."

Njiwa anaikira mazira awiri n'kuyamba kufungatira. Nantchengwa anayamba kututa mitengo, matope, mafupa, ngakhale nsanza za kudzala. Khwangwala akati khomo lachepa, iye ankaphwasula khomo. Nyani akati denga lapendekeka, ankayambiranso denga. Aa, koma mbalame imeneyi!

Mkazi wake anatopa nazo. "Bambo, kodi tikumangira ana athu kapena odutsa m'njira? Mazirawa ndiikire pati?"

"Dikirani mayi, patsala pang'ono."

Mayiwo anadikira, anadikira, mpaka anabwerera kwawo.

Mvula yoyamba itagwa, ana a Njiwa anali akuuluka kale. Nantchengwa anabwera atanyowa, kamtengo kena kali kukamwa, n'kupeza Kadzidzi atakhala phee pakhomo la chisa chija.

"Mwagwira ntchito, amisiri," anatero Kadzidzi akuyasamula. "Nyumbayi siidontha ngakhale pang'ono. Nanga inuyo mumakhala kuti?"