Keke ya Maselo Akufa

Asger anali akudula keke m'chipinda chomwera khofi pamene Bodil, wofufuza mnzake, analowa kuchokera mu labotale.

"Bwera udzadye," anatero Asger. "Mankhwala anga athetseratu kutupa m'maselo a nyamakazi aja. Makina sakupezanso chizindikiro chilichonse."

Anzake anali atamuombera kale m'manja. Nayenso anali atawauza kale pafoni mayi ake, amene zala zawo zinapindika ndi matenda omwewa.

"Unawayang'ana maselowo pa maikulosikopu usanayeze?" Bodil anafunsa.

"Ndinalibe nthawi. Bwanji?"

"Onse akungoyandama. Mankhwala ako awapha. Ndiye selo lakufa lionetsa kutupa kwanji, katswiri iwe?"

Asger anangoti zyoli, makutu ali psuu. Foni inanjenjemera m'thumba mwake. Anadziwa kuti ndi mayi ake, ndipo sanaitulutse.

Kuno mumzinda wa Aarhus, munthu ukalakwitsa pantchito umagulira anzako keke yopepesera. Troels, mkulu wa labotaleyo, anasendezera Asger mbale yake.

"Dula basi," anatero motsitsa mawu. "Ndiwe woyamba kubweretsa yopepesera usanadziwe n'komwe kuti walakwa."